Mwana wa Eni Kumsana

Tsiku lonyamuka ndinamuuza Tadala kuti ndikupita kuchigayo. Anali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo ndinali nditangomusiyitsa bere sabata yomweyo. Achemwali anga, a Esinati, anamunyamula kupita naye kuseri kwa nyumba kukamuonetsa abakha, ine n'kutulukira kumaso ndi chikwama changa. Ndinatsika njira yathu ya ku Sadzi osacheuka. Mkaka wokha sunamve kuti mwana wasiyitsidwa. Mpaka timawoloka mlatho wa ku Tete bulauzi yanga inali yonyowa, ndipo mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi anangondipatsa kansalu osandifunsa kanthu.

Ndisanapite ndinkasenza nkhuni. Tinkakwera phiri m'mamawa, kutsika dzuwa lili paliwombo ndi mtolo wautali kuposa chitseko, n'kumazungulira nawo m'makomo mwa anthu ogwira ntchito m'boma cha ku Masongola. Bambo ake a Tadala anali ocheka matabwa. Mitengo itayamba kutha m'phiri anapita kumpoto kukacheka kwina, ndipo sipanatenge nthawi foni yawo inasiya kugwira. Nkhuni nazo zinkangotalikirabe. Ndiye Abiti Juma, mnzanga wa ku Malosa amene tinkasenzera limodzi kale, atatumiza uthenga ali ku Joni kuti kuli ntchito ya m'nyumba, sindinachedwe kuvomera.

"Miyezi sikisi yokha," ndinawauza achemwali. "Ndipeze malata ndi kampamba, basi ndabwera."

"Onse amatero," anayankha osasiya kupeta mpunga. "Pitani. Koma mudziwe kuti mwana sadikira munthu."

Ku Zomba dziko lonselo timangoti Joni. Koma Joni weniweniyo ine ndinangomuonera pa depoti pomwe ndinasintha basi. Abiti anali ku Kepi, ulendo winanso wautali, kudutsa m'dziko louma lopanda mudzi, nkhosa zokhazokha. Nditatsika, miyendo itatupa, chinthu choyamba kuona chinali phiri. Ndinaima pomwepo n'kuyamba kuseka ndekha. Ndayenda masiku onsewa kuthawa phiri, ndikupeza lina lathyathyathya pamwamba ngati lathu lomwe, kungoti la miyala yokhayokha, ndipo panalibe mayi ndi mmodzi yemwe amene amatsika ndi mtolo pamutu.

"Make Tadala, musaliyang'ane ndi njala," anatero Abiti akundilanda chikwama. "Kuno nkhuni amagula m'sitolo, zoika m'kathumba, zongowotchera nyama Loweruka."

Tinkagona anthu anayi m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu, tonse Amalawi, kutali ndi phirilo, kudera la mchenga. Mphepo ya kumeneko sindinaionepo kwina. Imawomba masiku atatu osapuma, mchenga n'kumalowa m'ndiwo, m'makutu, m'mabulangete. Dzuwa nalo silidziwa kuweruka. M'miyezi yotentha limakhala likuwalabe nthawi yoti kwathu nkhuku zinalowa kale, ndipo thupi langa linkasokonezeka, osadziwa ngati ndidye kapena ndichape.

M'mawa woyamba kukwera sitima ndinapereka moni kwa amene ndinawapeza pa benchi. Palibe anayankha. Ndinayesa kuti sanamve, ndiye ndinabwereza mokweza, ndikuwomba m'manja pang'ono. Mayi wina anakumbatira chikwama chake n'kusendera uko.

"Moni wanuyo musungire agalu," Abiti anandinong'oneza. "Ndi okhawo amayankha kuno."

Anthu a mumzindamo amayenda ngati aliyense wasiya mphika pamoto. Amadya akuyenda, amamwa tiyi akuyenda, m'makutu atatsekamo timawaya. Pamsewu umadikira kamunthu kobiriwira kayake ndiye uwoloke, ngakhale kulibe galimoto. Masabata oyamba ndinkangotsatira nsapato za Abiti, ndikakweza maso ndinkachita chizungulire.

Ntchito ndinaipeza kwa adona ena okalamba, oyendera ndodo, amene ankakhala okha m'nyumba yosanja pafupi ndi nyanja, pamwamba penipeni. Chikepe ndinkachiopa, mwezi wathunthu ndinkakwera masitepe. Ana awo anali kunja kwa dziko, ankangoimba foni. M'nyumbamo tinalimo atatu: iwo, ine ndi kagalu kaubweya. Dzina lake linkandivuta kutchula, ndiye ndinkangokati Achimwene. Achimwene anali ndi juzi yawo, bedi lawo, ndi dokotala wawo. Kawiri patsiku ndinkawaperekeza m'mbali mwa nyanja, ine pambuyo ndi kajumbo, kutola zimene asiya.

Tsiku loyamba ndinawapatsa adona tiyi nditagwada. Anawerama n'kuyang'ana kunsi kwa tebulo, kuyesa kuti ndagwetsa kanthu. Atazindikira anandikoka pamkono kuti ndiimirire, akupukusa mutu. Chizungu changa chinali cha Sitandade seveni, koma tinkamvana. Iwo ankalankhula mokweza, ine ndinkavomera, zotsala tinkamalizira ndi manja.

Phiri lija nalo linkandinamiza. Kwathu mtambo ukakhala paphiri umathamangira kukayanula zovala. Ndiye ndikaona mtambo woyera utaphimba pamwamba pake ndinkathamangira padenga pomwe tinkayanika, kutsika ndi zovala zosauma, adona akundiseka mpaka kutsokomola. Mtambo wa kumeneko ndi wa mphepo chabe. Mvula yawo imagwa m'miyezi ya chisanu, pamene kwathu tatha kukolola, mvula yopanda wodzala, yongonyowetsa anthu pa siteji.

Bambo wa khomo loyang'anizana ndi lathu atamwalira, kunabwera amuna awiri ndi machira, n'kutsika nawo pa chikepe. Ine ndinamanga chitenje, kuvala duku, n'kukhala m'khitchini kudikira kuti tilowa liti kusiwa. Adona anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndikumva mutu. Tsiku limenelo linatha osamva kulira kulikonse. Mawa lake pakhomo paja panali maluwa ochepa, mkuja kunabwera anthu openta.

Koma chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri ndi ana. M'mbali mwa nyanja muja amawayendetsa pa tingolo, atawamanga malamba, mwana akuyang'ana kutsogolo, mayi ake kumbuyo akulankhula pa foni. Akalira amamutseka ndi kamphira pakamwa. Ndikawaona manja anga ankayabwa. Ndinkagwira chingwe cha Achimwene ndi manja onse awiri n'kudutsa msanga.

Lamulungu masana ndi pamene ndinkaimba kumudzi. Achemwali ankabwereka foni ya zithunzi kwa aphunzitsi ena oyandikana nawo. Miyezi yoyamba Tadala akandiona ankalira n'kumafuna kulowa m'fonimo. Ndinkadula msanga, n'kukhala kuseri kwa kachipinda kathu mpaka mtima utatsika. Kenako anasiya kulira. Ankangondiyang'ana, n'kunyambita galasi la foni, n'kutsika kukasewera. Ndinkati ndi bwino, wazolowera.

Ponyamuka paja ndinayeza phazi lake ndi ulusi, n'kuusunga m'pasipoti. Tsiku lina ndinaona tinsapato tofiira m'sitolo, ndinatulutsa ulusi uja, ndinayeza, tinakwana ndendende. Ndinatumiza kudzera kwa bambo wina wonyamula katundu wa anthu, pamodzi ndi mafuta ophikira ndi bulangete.

"Katundu wafika, zikomo," anatero achemwali. "Nsapato tapatsa mwana wa a Nachisale oyandikana nafe aja, zamukhala bwino."

"Bwanji? Si za Tadala zija?"

"Chala chachikulu chokha ndi chimene chinalowa. Inu mwagulira mwana amene munamusiya uja. Ameneyo kulibe kuno."

Miyezi sikisi ija inali itadutsa kalekale. Ndinkati ikatha Khirisimasi ndipita. Khirisimasi ikatha ndinkati chisanu chisanayambe. Nthawi zonse pamakhala chifukwa: malata sanakwane, adona adwala, wonyamula katundu wachedwa. Masiku a m'pasipoti nawo anatha. Ndinaphunzira kuyenda ngati anzanga, kuona galimoto ya apolisi ili kutali n'kulowa m'sitolo ngati ukufuna kugula kanthu. Kukhala pansi sindinkatha. Adona akagona masana ndinkapukuta mawindo opukuta kale.

Lamulungu lina ndinamva achemwali akuitana, foni ili m'manja mwawo, ine ndikuona denga lokha.

"Tadala, bwera udzalankhule ndi amayi ako."

"Amayi si inu?"

"Ayi, awa a m'fonimu."

"AJoni? Auzeni ndikusewera."

Achemwali anaseka kuti zisamveke kuwawa. Inenso ndinaseka. Sabata imeneyo ndinathira mchere kawiri m'supu ya adona.

Zimene zinandibweza kumudzi zinachitika Loweruka lina m'mawa, nditakhalako zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Adona anandituma kukagula mkaka ndi chakudya cha Achimwene ku nyumba ina yaikulu yokhala ndi masitolo ambirimbiri pansi pa denga limodzi. Pafupi ndi masitepe oyenda okha ndinapeza kamtsikana kakulira, kazaka ziwiri mwina, katsitsi kopotanapotana, nsapato imodzi palibe. Kanalira mpaka mawu kusasa. Anthu ankangokalambalala. Ena ankaima patali n'kumayang'ana uku ndi uku, bambo wina anatulutsa foni, koma wokagwira panalibe.

Mumsika wa Zomba mwana wosochera sayang'aniridwa patali. Mayi amene wayamba kumuona amamutola, kumupukuta mamina, kumuika kumsana, n'kumazungulira naye m'mabenchi kuti mayi ake amuone. Ukaima malo amodzi anthu amakunena kuti ndiwe waulesi. Zimenezi palibe anandiphunzitsa, ndinakulira momwemo.

Chitenje sichinkachoka m'chikwama changa, ngakhale Abiti ankandiseka nacho. Ndinagwada, ndinakapukuta kumaso, ndinawerama n'kukaponya kumsana, n'kumanga mfundo pachifuwa. Msana wanga unali usanaiwale. Kanalira pang'ono, kenako ndinamva mutu wake ukutsamira pakati pa mapewa anga, kutentha kwake kukudutsa m'malaya. Ndinayamba kuyenda.

Ndinazungulira pansi ponse, ndikusuzumira m'sitolo iliyonse, ndikufunsa azimayi ngati mwanayu ndi wawo. Ankangobwerera m'mbuyo. Ndinazunguliranso kachiwiri. Kenako ndinaganiza kuti mwina mayi ake apita kukamufuna koimika magalimoto. Ndinatuluka pakhomo lalikulu.

Sindinafike patali. Alonda awiri anandigwira uku ndi uku, ndipo kumbuyo kwawo kunkabwera mayi akuthamanga, tsitsi lili balala, akukuwa dzina la mwana. Mlonda mmodzi ankandikoka mkono, ine ndikumuuza m'Chichewa kuti dikirani, mwana wagona, agwa. Ndinawerama n'kumasula pang'onopang'ono. Mayi uja anamutsomphola. Mwanayo anadzidzimuka n'kuyambiranso kulira, ndipo anthu amene aja ankangodutsa tsopano anatiunjirira, mafoni ali m'mwamba.

Ananditengera m'kachipinda kodzaza ndi makanema. Kunabwera wapolisi wamkazi, wa msinkhu wa achemwali anga, wonenepa, wooneka wotopa. Sanakalipe. Anangouza mlonda kuti abweze kanemayo, n'kundilozera kuti ndione.

Ndinadziona ndekha. Mayi wakuda wa duku akugwada, akuyang'ana uku ndi uku, akutulutsa nsalu m'chikwama, akuphimba mwana wa eni n'kuchoka naye. Ndinadutsa tebulo la alonda kawiri osaima. Ndinkayenda monjanja pang'ono, dzanja langa likumusisita mwanayo kumatako, pakamwa panga pakuyenda. Ndinali ndikuimba, osadziwa. Ndikanakhala wapolisi ine, mayi ameneyo ndikanamumanga.

"Bwanji simunamupereke kwa alonda?" anandifunsa pang'onopang'ono kuti ndimve.

"Kwathu mwana wolira sitipereka kwa mlonda."

"Nanga mumapita naye kuti?"

"Kwa mayi ake."

"Mumawadziwa?"

"Ayi. Koma iwo amamudziwa mwana wawo. Akanandiona."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, cholembera chili pakamwa.

"Muli ndi mwana inu?"

"Alipo. Wamkazi."

"Ali kuti?"

"Kwathu, ku Malawi."

"Wamkulu bwanji?"

Ndinatambasula dzanja kuti ndimuonetse, cha m'maondo mwanga. Ndiye ndinakumbukira kuti si pamenepo ayi. Ndinakweza pang'ono. Ndinakwezanso. Dzanja linangokhala m'malere, osadziwa poima. Wapolisi uja anayang'ana dzanjalo, kenako anayang'ana pa pepala lake.

Anandilola kuimba foni. Adona anabwera pa takisi, ndi ndodo yawo, Achimwene ali m'khwapa. Sindinawaonepo atakwiya choncho. Anagogoda ndodo pansi, kulankhula Chizungu chothamanga chimene sindinatolepo kanthu, kupatula kuti ndimagwira makiyi a nyumba yawo ndipo ndimawasambitsa. Kenako anatuluka kukalankhula ndi mayi wa mwana uja. Atabwerera anati mlandu palibe. Mayiyo sindinamuonenso. Sindimuimba mlandu. Anatembenuka kamphindi kochepa kuti alipire zinthu, mwana n'kusowa, ndipo atamupeza anali kumsana kwa munthu wachilendo akutuluka pakhomo.

Ndinkati zatha. Koma wapolisi uja anatambasula dzanja.

"Pasipoti."

Anatsegula, ulusi uja unagwera patebulo, anaukankhira kwa ine. Anawerenga chidindo, anapumira m'mwamba. Sananditsekere. Anandipititsa ku ofesi ina komwe anandipatsa pepala loti ndikhale nditatuluka m'dzikomo masabata awiri asanathe.

Madzulo ake anzanga a m'chipinda anapatsirana pepalalo ngati kalata ya maliro. Abiti analipinda n'kundiponyera pamiyendo.

"Ili ndi pepala basi. Muyatsire mbaula. Mawa ndikutengerani ku minda ya mphesa, kuli mlamu wanga. Kumeneko palibe amakufunsa dzina."

"Ndikupita kumudzi, Abiti."

"Malata mwagula?"

"Theka."

"Ndiye mvula izikunyowetsani theka. Inu, anthu amathamangitsidwa chifukwa cha ndewu, chifukwa cha mowa. Inu mukanena chiyani ku Sadzi? Kuti munabereka mwana wa eni kumsana ngati muli pa chigayo?"

Anzathu aja anaseka, inenso ndinaseka. Abiti ali ndi ana atatu ku Malosa, kwa mayi ake. Ndinamufunsa ngati ake amamudziwabe.

"Anga amadziwa tsiku lofika katundu," anatero, n'kutuluka kukatunga madzi, ndowa ili yodzaza kale.

Pondiperekeza ku basi anandipatsa chikwama cha zovala za ana ake. Zonse zinali zazikulu kwambiri. Anati amagula choncho dala.

Adona anandipatsa juzi yawo yaubweya ndi chithunzi cha Achimwene. Anandifunsa ngati ndidzabwerenso. Ndinavomera, monga ndinkavomerera zonse.

Nditatsika minibasi ku Zomba ndinayang'ana phiri lathu. Linali litametedwa mbali yonse imene tinkatolako nkhuni. Ndinakwera njinga ya kabaza mpaka ku Sadzi, ndili ngati ndikupita kukaonekera kwa apongozi. Njira yonse ndinkakonzekera kuti mwina Tadala athawa, mwina alira, mwina abisala kuseri kwa achemwali.

Sanathawe. Ndinakhala pa mkeka pakhonde, achemwali anaitana, ndipo kunatuluka mtsikana wamtali miyendo, tsitsi lomangidwa ndi ulusi wakuda, chipsera pachibwano chimene sindinkachidziwa. Anabwera, anagwada patali pang'ono, anagwira dzanja langa ndi manja awiri monga anamuphunzitsira.

"Muli bwanji aJoni? Mwayenda bwanji?"

Ndinayankha kuti ndayenda bwino. Anadzuka n'kukaima pambali pa achemwali, atagwira chitenje chawo, maso ali pa zikwama.

Ndinafuna kumukoka, kumununkhiza m'mutu. Achemwali anandiletsa ndi maso. Mwana atachoka anandiuza mosazungulira.

"Musamuthamangire. Ndiponso ndinene lero lomwe kuti tisadzayambane. Ameneyu chikuku anadwalira pamsana panga. Chipsera mwachionacho ndinathamanga naye ndine kuchipatala, magazi ali m'malaya mwanga. Si thumba la chimanga loti munasungitsa, mwabwera kudzatenga."

"Sindinatero, achemwali."

"Simunatero, koma maso anu akutero."

Iwo ali ndi anyamata okhaokha, akuluakulu. Ndinaona kuti akuopa zomwe ndinkaopa ine ndili ku Kepi.

Ndinamanga kachipinda kanga pambali pa nyumba yawo, mbali ina malata, mbali ina pulasitiki ndi udzu. Ndinayamba kukazinga mandasi n'kumagulitsa panjira ya ana a sukulu. Tadala ankagona kwa achemwali, kudya kwa achemwali, akagwa ankathamangira kwa achemwali, kundidutsa ine ndili pompo. Ndinkamuchapira zovala, ndinkamusungira ndasi loyamba. Ankalandira ndi manja awiri n'kunena zikomo. Zikomo ameneyo ankandipweteka kuposa kutukwana.

Ndisaname, miyendo inkandiyabwa. Ndinkapezeka ndikuyenda mothamanga mumsewu wa kumsika popanda chondithamangitsa, anthu n'kumandifunsa ngati kwagwa zovuta. Ndikatunga madzi pa mpope wa anthu onse ndinkakumbuka madzi otentha a m'khitchini mwa adona, n'kudzichitira manyazi. Anzanga akale ankandiyang'ana kumapazi kuti aone nsapato za ku Joni. Abiti ankaimba kawirikawiri. Ankati pasipoti ina imapezeka, kuti adona alemba anthu awiri ndipo onse awachotsa, akufunsabe za ine. Ndinkati ndiganize kaye. Masiku ena ndinkaganizadi. Ndinkati ngati mwanayu ali ndi mayi kale, ine ndikudikira chiyani pano? Bola ndikhale mayi wa katundu ngati Abiti.

Inatha miyezi inayi chonchi. Tsiku lina masana ndinali pakhonde ndikusankha nyemba, achemwali atapita ku msonkhano wa amayi a kumpingo. Tadala anabwera n'kukhala kumapeto kwa mkeka, osati pafupi. Anatola nyemba yofumbwa n'kuiponya kwa abakha. Anatolanso ina.

"AJoni."

"Ee."

"Mupita liti kwanu?"

Ndinapitiriza kusankha nyemba.

"Kwathu ndi kuno."

"Ayi. Kwanu ndi m'foni muja."

"Ndinachokako. Ndakhala kuno tsopano."

"Bambo ake a mnzanga Yamikani anabwera, anapitanso."

"Ine sindipita."

Mawuwo anatuluka ndisanawayeze, ndipo nditawamva ndinadziwa kuti Abiti ndamuyankha. Tadala anandiyang'ana monga wapolisi uja, nthawi yaitali, osaphethira. Kenako anapukuta manja pa diresi.

"Ndiye mawa mudzanditenge ndinu kusukulu. Amayi amachedwa, ndimatsala ndekha ndi aphunzitsi."

Madzulo ndinawauza achemwali, ndikuopa. Anapitiriza kupukuta mbale imodzi yomweyo.

"Amaweruka leveni," anatero. "Musamugulire zoziziritsa za m'mapepala zija, amatsokomola nazo."

Mawa lake mandasi ndinasiyira mnzanga kuti andigulitsire. Ndinafika pa sukulu ya mkaka ija teni isanakwane, n'kuima kunja kwa mpanda wa bango, padzuwa, ndikumva ana akuimba m'kati. Mayi wina wogulitsa nthochi pafupi anandiuza kawiri kuti ndikhale pansi. Sindinathe.

Atatsegula chitseko ana anatuluka ngati njuchi. Tadala anatuluka ndi mnzake atagwirana manja. Anandiona, sanathamange, anangobwera molunjika. Mnzakeyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amenewa ndani?"

Tadala anavula kachikwama kake n'kundipatsa kuti ndinyamule.

"Ndi akwathu," anatero. "Tiyeni."